Kuyeza m'mimba: kiti ya kunyumba kapena labu ya kuchipatala?

Ma kiti oyezera m'mimba uli kunyumba aja atchuka ku UK ndi ku America, monga a Viome, umatapa kachimbudzi pang'ono, kuika m'kabotolo, kutumiza pa positi, pakatha masabata angapo zotsatira zabwera pa foni. Amakuuza mitundu ya mabakiteriya omwe ali m'matumbo mwako kenako akuti idya izi, siya izi. Vuto ndilakuti ngakhale akatswiri sanagwirizanebe kuti matumbo abwinobwino azikhala ndi mabakiteriya ati, ndiye lipoti lokongola lija silikuuza chomwe chikukudwalitsa, komanso mtengo wake si wamasewera ayi.

Ku labu ndi nkhani ina, amasaka chinthu chenicheni, mazira a njoka zam'mimba pa maikulosikopu, tizilombo totsegulitsa m'mimba monga amoeba ndi Giardia, magazi osaoneka ndi maso kapena H. pylori uja amayambitsa zilonda zam'mimba, ndipo akapezeka mankhwala ake alipo. Kungoti ngati ukumwa omeprazole, mankhwala ochepetsa asidi m'mimba aja, uwauze adokotala, nthawi zambiri amati usiye kaye masabata awiri apo ayi H. pylori amabisala. Kwa ine mimba ikamaotcha, kutsegula kosatha, magazi m'chimbudzi kapena ukuonda osadziwa chifukwa, thamangira ku labu basi, zoyembekeza positi uzisiye.