Kukweza ulimit kapena kuchepetsa tcp_wmem: tiyambe chiti pa seva yaing'ono?

Ku Ngabu kuno ndimasamalira kakompyuta ka RAM ya 2GB komwe ana a Fomu 4 amatengapo mavidiyo a maphunziro kudzera pa WiFi. Mayeso a MSCE akamayandikira, mafoni amachuluka, ndipo tsiku lina nginx, pulogalamu yomwe imatumiza mavidiyowo ku mafoni, inangoyamba kulemba kuti "Too many open files". Anzanga awiri anandilangiza zosiyana, ndipo ndinayesa zonse.

Woyamba anati ndikweze malire a mafayilo otsegula (ulimit). Pa Linux soketi iliyonse, kutanthauza kulumikizana kulikonse kwa foni ndi seva, imawerengedwa ngati fayilo yotsegula, ndipo pulogalamu imaloledwa 1024 zokha ngati sunasinthe. Apa ambiri amaphonya: ukalemba ulimit -n pa terminal, nginx yoyambitsidwa ndi systemd, yomwe imayatsa mapulogalamu makina akamayaka, siimva n'komwe. Pofunika ndi LimitNOFILE m'fayilo ya service, kapena worker_rlimit_nofile m'fayilo ya makonzedwe a nginx, kenako n'kukwezanso worker_connections momwemo. Ndinaika 8192, dandaulo lija linatha pomwepo. Njira imeneyi njachangu, ndipo nambala payokha siidya memory yambiri.

Koma chomwe chimadya ndi katundu wodikira m'masoketimo, ndipo apa mpamene mnzanga wachiwiri anali kuloza ponena kuti ndichepetse tcp_wmem. Foni ya mwana wakhala kutali, patsinde pa mtengo pothawa dzuwa la kuchigwa kuno, imakoka pang'onopang'ono. Zomwe sizinafike zimakhala m'buffer, malo odikirirapo mu RAM omwe amasungidwa ndi kernel, mtima wa Linux. Pa makina ambiri tcp_wmem, yomwe imaika kukula kwa buffer ya soketi iliyonse m'mabayiti, imakhala 4096 16384 4194304, kutanthauza kuti soketi imodzi ingathe kufufuma mpaka 4MB. Mafoni akachuluka, kernel imagunda malire a tcp_mem, a memory ya masoketi onse a TCP pamodzi, n'kuyamba kufinya aliyense, ndiye vidiyo imadukiza kwa onse. Ndinatsitsa nambala yachitatu ya tcp_wmem kufika 1048576, ndipo pa WiFi ya pabwalo limodzi palibe anadandaula kuti liwiro latsika. Chenjerani, tcp_mem imawerengedwa m'mapeji, pa makina ngati anga mabayiti 4096 peji lililonse; mukaiyesa mabayiti mulemba zolakwika kwambiri. Ine sindiikhudza.

Ndiye chiyambe chiti? Ngati vuto ndi "Too many open files", kwezani malire basi, ma buffer alibe mlandu. Ngati dmesg, yoonetsa mauthenga a kernel, ikuti "TCP: out of memory", kukweza ulimit kungoonjezera moto. Musanasinthe kanthu yang'anani /proc/net/sockstat nthawi imene ana adzaza, makamaka cha m'ma 3 koloko akaweruka, muone mzere wa TCP kuti inuse ndi mem zafika pati.