Jezi yobiriwira ija ndaivala miyezi itatu

Sindibisa, ndinaigula chifukwa cha Biniam Girmay. Mnyamata wa ku Eritrea uja atapambana masiteji (zigawo za tsiku limodzi) atatu a mpikisano wa njinga wa Tour de France mu 2024, n'kukhala munthu woyamba wa mu Africa kupita kwawo ndi jezi yobiriwira, mtima unakana kukhala chete. Ndinaipeza m'kashopu kena ka njinga konkuno ku Joni. Si yeniyeni ya akatswiri ayi, ndi yongofanizira.

Nsalu yake ndi yopepuka ndipo siichedwa kuuma. Ukachapa madzulo, m'mawa wavala. M'matumba atatu akumsana mumalowa foni, nthochi ziwiri ndi chubu chapadera osalendewera. Koma saizi, abale! Ine ndimavala L, koma iyi inandithina mimba n'kuoneka ngati ndameza mpira. Ndinabwerera kukasinthitsa ndi XL, ndipo sanavute. Zipi imakakamira pakhosi, kamphira ka m'munsi nako kayamba kale kumatuka.

Tsiku losinthitsalo ndi lomwe tinatsutsana ndi eni shopu, bambo achikulire okonda nkhani. Iwo amati wovala yobiriwira ndiye waliwiro kuposa onse. Ndinati ayi bambo, jezi imeneyi imapita kwa wotolera mapointi tsiku ndi tsiku, ngakhale azifika wachiwiri kapena wachitatu. Peter Sagan anaitenga ka 7, Erik Zabel ka 6 motsatizana kuyambira 1996 mpaka 2001. Koma Sagan masiteji a Tour anapambana 12. Mark Cavendish jeziyi anaitenga kawiri kokha, mu 2011 ndi 2021, koma masiteji ali nawo 35. Ya 35 anaipeza ku Saint-Vulbas mu July 2024 ali ndi zaka 39, n'kupitirira 34 za Eddy Merckx. Cavendish ndi munthu wamfupi, wowerama mpaka chibwano kufuna kukhudza handulo, mphepo osamupeza. Kwa ine nambala wani ndi ameneyo, palibe zokambirana.

Wachiwiri ndimaika Mario Cipollini chifukwa cha masiteji 42 a Giro d'Italia, mpikisano wa ku Italy, ndi ukatswiri wa dziko lonse lapansi wa 2002. Bambo aja anaseka, ati munthu amene ankathawa Tour akangoona mapiri, osafikako kumathero ku Paris ngakhale kamodzi. Apo sananame. Komabe ife timakamba za mamita 200 omaliza, osati zokwera mapiri. Wachitatu ndinatchula Marcel Kittel, wa masiteji 14 a Tour, amene mu 2013 anamuonetsa Cavendish msana kangapo. Iwo anakakamira pa Zabel, tinasiyira pomwepo chifukwa kunabwera kasitomala wofuna masipoko.

Jeziyo mugule ngati mukuifuna, koma tengani saizi yokulirapo ndipo muzichapa pamanja. Mudziwenso kuti pamsewu imaitana mpikisano. Loweruka lapitali kamnyamata kena ka njinga yopanda magiya kanandiyang'ana, n'kundipitirira pachitunda kakuimba mluzu.