Kontirola ya mthirira ya pa foni: chabwino chake ndi presha, osati app

Aliyense akaona kabokosi ka kontirola ya mthirira kameneka funso limakhala limodzi, eti ungatsegule madzi uli kutali? Eya ungatsegule, koma chimenecho ndi chaching'ono. Ine nditaigwiritsa ntchito nyengo yonse yothirira ndinganene kuti phindu lake lili poti imakuonetsa zomwe zikuchitika mkati mwa mapaipi, zomwe maso sangaone.

Seti yake ndi kontirola yolowa simu khadi, mavalavu a solenoid (otseguka ndi kutseka ndi magetsi) pa chigawo chilichonse cha munda, masensa awiri a presha, ina madzi asanalowe mu fyuluta ina atatuluka, mita yowerenga madzi odutsa, ndi timasensa ta chinyezi tozika pansi.

Tiyambe ndi preshayo. Dripi wamba, mthirira wa madontho uja, amafuna pafupifupi 1 bar (bar ndi muyeso wa presha), masipirinkala ambiri amafuna 2 mpaka 4, ndipo madzi akakwera chitunda cha mamita 10 mwataya kale 1 bar, ndiye ngati munda wanu ndi wotsetsereka mbewu zakumtunda zimamwa pang'ono zakumunsi zikusamba, inu n'kumati vuto ndi feteleza. App imaonetsa presha ndi kuchuluka kwa madzi pamodzi, ndipo ukazolowera kuwerenga ziwirizi sufunanso munthu wokuuza. Madzi akuchuluka presha ikutsika, dziwani kuti penapake paphulika kapena joini yazuka. Presha ikukwera madzi akuchepa, timabowo ta dripi tatsekeka kapena valavu sinatseguke bwino. Usiku wina uthenga unalowa kuti chigawo china chikudya madzi opitirira muyeso, kontirola inatseka yokha, m'mawa ndikukaona ndinapeza joini itazuka pansi pa masamba, pali kadambo kakang'ono basi. Pakanapanda iyo pampu ikanapopa mpaka kucha.

Za fyuluta nazonso zandisangalatsa. Presha ya mbali ziwirizo ikasiyana ndi 0.5 bar imakuuza kuti tsukani. Palibenso zomasula fyuluta tsiku ndi tsiku kungoti uone, kapena kuiwala mpaka madisiki atamatirira ndere.

Pampu ndinailumikiza ku VFD, makina olamulira liwiro la mota, iyi mumagula payokha. Imachepetsa kapena kuonjezera liwiro la mota kuti presha ikhale pomwe mwaika, kaya mwatsegula chigawo chachikulu kaya chaching'ono. Pa masamu, liwiro likatsika ndi 20 peresenti magetsi amatsika pafupifupi theka, ngakhale kumunda sizifika pamenepo makamaka ngati madzi mukuwakweza patali, komabe kusiyana kumaoneka ndithu. Chinanso, kontirola imatsegula valavu yotsatira isanatseke yoyambayo, ndiye kugunda kuja kwa madzi mu paipi kumene kumathyola majoini kunatha.

Tsopano zondinyansa. Timasensa ta chinyezi ogulitsa amatitama kwambiri koma kamodzi kamangomva dothi la masentimita ochepa pamene kakhudza, munda wonse sikaudziwa. Kakakhala pansi penipeni pa dontho kazingoti kwanyowa, kakasiya mpata wa mpweya pozika kazingoti kwauma. Ndiye zoti makina azisankha okha nthawi yothirira potengera timeneti ine ayi, ndimaika ndandanda ndekha, timasensato ndimangoonerapo, kenako ndimakumbabe ndi dzanja pafupi ndi mizu.

App yakenso mmm. Mauthenga ngochuluka zedi, valavu yatseguka, valavu yatseka, chigawo chayamba, chigawo chatha, mpaka wa ngozi weniweni umabisala pakati pa enawo, ndipo pozimitsira osafunikawo anapabisa mkati mwenimweni mwa masetingi. Mbiri ya masiku akale kuti uione pamafunika kulipira mwezi ndi mwezi, zomwe pogula sananene momveka. Manambala a m'munda mwako omwe, ukagulenso!

Netiweki ikathawa ndandanda imayendabe chifukwa imasungidwa m'kabokosi momwemo, apa ndiwayamikire, kungoti uthenga wa ngozi sukupeza mpaka ibwerere. Koma samalani ndi ma solenoid a batire aja otchedwa latching, amangofuna kamphamvu kamodzi kuti atseguke ndi kena kuti atseke, ndiye batire ikafera pakati valavu imatsala mmene inalili, ngati inali yotsegula madzi azingopita. Funsani ngati kontirola yawo imatseka mavalavu batire isanatheretu. Ndipo valavu iliyonse ikhale ndi kotsegulira pamanja, musalole zina. Mphenzinso simacheza ndi mawaya aatali a m'munda, waya wa earth ndi surge protector, zoteteza makina ku mphamvu ya mphenziyo, musazisiye.

Kodi mugule? Ngati muli ndi zigawo zingapo, pampu imodzi, ndipo mumatuma anthu kukatsegula mavalavu usiku, gulani, muyambe ndi masensa a presha ndi mita ya madzi, za chinyezi zibwere pambuyo. Ngati ndi kadimba ka valavu imodzi, geji ya presha wamba ndi taimala zikukwanirani. Komanso ngati mapaipi anu ndi aang'ono kwambiri kapena pampu ndi yosagwirizana ndi munda, kontirola siikonza zimenezo, izingokutumizirani uthenga woti presha yatsika tsiku lililonse. Itanani wodziwa ayeze kaye mapaipi ndi pampu musanaitanitse seti.