Nkhondo ya patebulo lodyera: tigule buku liti la malamulo?

Tebulo lomwe timamenyerapo nkhondo kwathu ku Matawale ndi lomwelo timadyerapo nsima. Ndinaliyeza ndi tepi ya atelala: masentimita 130 m'litali, 85 m'lifupi. Ikamakwana 6 koloko madzulo mayi akunyumba amalifuna, kaya Aroma athawa kaya akadalimbikira. Ndayamba dala ndi tebulo, chifukwa aliyense wondifunsa za buku la malamulo a masewera a tiasilikali tazidole amayamba ndi kutchula nkhondo ya kumtima kwake, wina Napoleon, wina Shaka, koma sindinaonepo wobwera atayeza tebulo lake kapena atawerenga anzake osewera nawo. Ife tilipo anayi: ine, mlamu wanga, aphunzitsi ena a mbiri yakale opuma pantchito, ndi mnyamata wa ku Chanco yemwe amasowa mayeso akayandikira. Mabuku anayi omwe ndinene pano tawasewera onse, ena mpaka zikuto kuthothoka.

Loyamba kutipeza linali DBA, dzina lake lonse De Bellis Antiquitatis, la Phil Barker ndi anzake a Wargames Research Group. Linatuluka mu 1990, ndipo lokonzedwa kachitatu lomwe ambiri akusewera pano ndi la 2014. Limatenga nkhondo za mikondo, mauta, akavalo ndi njovu, kuyambira zaka pafupifupi 3000 Yesu asanabadwe mpaka cha m'ma 1500. Gulu lililonse, likhale la Alexander kapena la Hannibal, lili ndi magawo 12 basi. Ukagwiritsa tiasilikali ta mamilimita 15, gawo limodzi ndi kathabwa ka mamilimita 40 m'lifupi, pomata tianthu tiwiri, titatu kapena tinayi, moti gulu lonse limalowa m'kabokosi ka nsapato za mwana. Bwalo lake ndi masentimita 60 mbali zonse. Patebulo lathu pamatsala malo a makapu a tiyi.

Nzeru yonse ya DBA ili pa dayisi imodzi yomwe umaponya nthawi yako ikafika. Ikagwa 5, uli ndi mayendedwe asanu. Ikagwa 1, limodzi lokha. Mzere wogwirana bwino umayenda wonse ndi kadontho kamodzi, koma ukangosweka, chidutswa chilichonse chimafuna kadontho kakekake. Ndiye umaona mkulu wankhondo yemwe anayamba monyada, asilikali ake ali balala, akupempherera 6. Pomenyana aliyense amaponya dayisi n'kuwonjezera mphamvu za mtundu wa asilikali ake. Wochepekedwa amabwerera m'mbuyo, ndipo wopezeka ndi theka la mnzake kapena kucheperapo kawirikawiri amachotsedwa. Ukataya magawo anayi, yatha. Palibe cholemba papepala. Anthu a bawo amazimva msanga zimenezi, poti nawonso amawerengera kaye asanagwire nkhomo.

Chotsamwitsa ndi Chingerezi chake. Barker amalemba ngati loya wolemba chikalata cha malo, chiganizo chimodzi chodzaza ndi "pokhapokha" atatu, mpaka eni Chingerezi omwe anachipatsa dzina loti Barkerese. Tsiku lina ine ndi mlamu wanga tinakhala mphindi 20 pa ndime imodzi, kukangana ngati gawo lobwerera m'mbuyo limakankha anzake ali kumsana kapena limafera pomwepo.

"Alamu, werenganinso pang'onopang'ono, muyime pa koma."

"Ndayima kale kawiri, alamu. Koma ameneyu ali kumbali yanga."

Tiyi anazizira, magetsi anathima, tinamaliza ndi tochi ya foni. Ngati muli awiri okhazikika, okonda kukumana sabata ndi sabata, DBA simungaitope, poti m'bukumo muli mndandanda wa magulu ankhondo opitirira 300. Koma musaiyike m'manja mwa mlendo tsiku loyamba. Sabweranso.

Mlendo mupatseni One-Hour Wargames ya Neil Thomas, yomwe a Pen & Sword anatulutsa mu 2014. Pakati pa anayiwa, ili ndi lomwe limaoneka lonyozeka, ndipo ndi lomwe latha kwambiri kwathu. Muli nyengo 9, kuyambira nkhondo zamakedzana mpaka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, nyengo iliyonse masamba awiri kapena atatu okha ndi mitundu inayi ya asilikali. Mbali iliyonse imakhala ndi magulu anayi kapena 6. Gulu likawombera umaponya dayisi imodzi, nthawi zina n'kuwonjezera kapena kuchotsa 2. Ngati mdani ali m'nkhalango mabala amagawidwa pakati, ndipo ukamugwera cham'mbali pomenyana amawirikiza kawiri. Gulu likalandira mabala 15 limachoka. Ife timawerengera mabalawo ndi nyemba: gulu lililonse lili ndi chitsekerero cha botolo kumbuyo kwake, mnzako akakulasa umaponyamo nyemba, ndipo kulira kwa nyembazo m'chitsekerero kumamveka mpaka kukhitchini. Malamulo a nyengo ya mifuti ya gogodela ndinawalemba m'Chichewa patsamba limodzi la kope, mphwanga wa Sitandade 7 n'kundigonjetsa nawo Loweruka lomwelo.

Bwalo lake ndi mafiti atatu mbali zonse, pafupifupi masentimita 90, ndiye tebulo lathu limaperewera zala zitatu. Kalipentala wa ku Chinamwali anatidulira pulayiwudi yomwe timayala pamwamba, tikatha timaibisa kuseri kwa kabati. Tiasilikali silisankha. Miyezi yoyamba tinkasewera ndi mabokosi a machesi omata mapepala ofiira ndi abuluu.

Aphunzitsi aja salikonda, ndipo madandaulo awo ndi omveka. Gulu la mabala 14 limamenya ngati langodzuka kumene, kenaka bala limodzi, zii, kulibe. Mantha mulibe, kuthawa mulibe, pomwe nkhondo zenizeni zambiri zinkatha anthu atataya mtima, osati atafa onse. Mukasewera kakhumi mumayambanso kuona kuti Mroma ndi msilikali wa Napoleon akusiyana malaya okha. Koma chuma cha bukuli si malamulowo. Ndi nkhani 30 zokonzeratu zomwe zili kumapeto, iliyonse ndi mapu ake ndi cholinga chake: gwira mlatho, teteza phiri mpaka thandizo lifike, dutsa pampata mdani asanatseke, zonse m'maulendo 15. Nkhani zimenezi timazibwereka ngakhale tikusewera malamulo ena.

Bolt Action sindichedwapo, ngakhale ndi lomwe limakopa maso pa YouTube. Ndi la Alessio Cavatore ndi Rick Priestley, lofalitsidwa ndi Warlord Games pamodzi ndi Osprey mu 2012, n'kukonzedwanso mu 2016 ndi 2024. Ndi la nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, tiasilikali ta mamilimita 28, makumi atatu kapena anayi mbali iliyonse, ndi kasinja mmodzi kapena awiri. Chokoma chake n'chimodzi, ndipo n'chokomadi: gulu lililonse lili ndi dayisi yake ya mtundu wa mbali yako, madayisi onse a mbali ziwiri amalowa m'thumba limodzi, wina n'kupisamo dzanja osayang'ana. Yotulukayo ndiyo imanena woyenda. Kwathu thumbalo ndi sokosi yakale, ndipo mtima umagunda ikamatuluka dayisi ya mnzako kachitatu motsatizana. Koma limafuna bwalo la mafiti 6 kwa 4, masentimita pafupifupi 180 kwa 120, lodzaza ndi tinyumba, mipanda ndi mitengo, apo ayi aliyense amafera poyera ulendo wachiwiri. Tinayesa pasimenti pakhonde, maondo anatiuza zoona. Pamwamba pa buku lalikulu pamafunikanso mabuku a magulu ankhondo, ndipo zonse n'zolipira ndi ndalama zakunja n'kudikira wachibale wochokera ku Johannesburg. Mnyamata wa ku Chanco anawerengeranso kuti mfuti ya m'masewerawa imafika mainchi 24, zomwe pa msinkhu wa tiasilikalito ndi mamita 34 chabe, osafika ndi pakati pa bwalo la mpira. Wofuna zoyandikira nkhondo yeniyeni ayang'ane Chain of Command ya TooFatLardies ya 2013, koma tebulo lake ndi lomwelo ndipo kuphunzira kwake n'kwakukulu. Ife tinangoba nzeru ya sokosi ija n'kuiyika mu One-Hour Wargames, zitsekerero za Fanta mbali ino, za Coca-Cola mbali inayo.

Lomwe limatisunga pakhonde mpaka udzudzu kutithamangitsa ndi The Men Who Would Be Kings la Daniel Mersey, la Osprey, 2016. Ndi la nkhondo za atsamunda za m'ma 1800, ndiye kuti ndi lokhalo pa anayiwa lomwe limafika pakhomo pathu. Aliyense wa ku Zomba amadziwa chipilala cha njerwa zofiira cha King's African Rifles pafupi ndi Cobbe Barracks, pomwe pali mayina a asilikali ofera pankhondo yoyamba ya dziko lonse. Gulu limeneli linakhazikitsidwa mu 1902, koma lisanabadwe kunali kale nkhondo za Harry Johnston ndi asilikali ake a Chisikh ochokera ku India: Jalasi, mfumu ya Ayao, anabweza gulu la boma paphiri lake ku Mangochi mu 1892 n'kulanda mzinga, Kawinga anagonjetsedwa ku Chikala kuno kwathu mu 1895, ndipo chaka chomwecho Mlozi anapachikidwa ku Karonga. Nkhondo zimenezi zinali za anthu mazana ochepa, kukula kwake kokwana ndendende malamulowa.

Kaseweredwe kake n'kopepuka. Uli ndi mapointi 24 ogulira magulu. Asilikali ophunzitsidwa ndi anthu 12 pa mapointi 6, ankhondo amfuti osaphunzitsidwa usilikali wachizungu ndi 12 pa mapointi 4, ndipo amikondo ndi 16 pa mapointi 3. Gulu lililonse lili ndi mtsogoleri yemwe khalidwe lake umachita kuponyera dayisi, ndiye ukhoza kupatsidwa ngwazi, chidakwa kapena wamantha, n'kukhala naye choncho mpaka nkhondo kutha. Kuti gulu lichite zambiri umaponya madayisi awiri kuyesa mtsogoleriyo, ndipo likalephera limangoti duu pomwe lili, anzake n'kupitiriza. Gulu lowomberedwa limatha kugwidwa mantha n'kukana kusuntha, chinthu chomwe aphunzitsi ankachisowa kwa Neil Thomas. Vuto ndi kupenta: magulu 8 a mikondo ndi anthu 128, kulimbana ndi 48 a boma. Mwamwayi bukulo limalola kudula magulu pakati, ndipo ife timawerenga inchi iliyonse ngati masentimita awiri kuti zikwane papulayiwudi.

Koma pali chinthu chomwe Mmalawi sangachidumphe. Bukuli linalembedwa munthu ataima kumbuyo kwa mzere wa asilikali a Angerezi a malaya ofiira, kuyang'ana kutchire. Mzulu, Mngoni ndi wankhondo wa Mahdi wa ku Sudan onse amalowa m'thumba limodzi lotchedwa Tribal. Mulinso malamulo osewera wekha, otchedwa Mr Babbage, omwe amayendetsa eni dziko ndi dayisi: amangotulukira m'tchire, kuthamangira mfuti, kufa, ena n'kutulukiranso. Aphunzitsi atawerenga pamenepo anavula magalasi.

"Achimwene, ndiye kuti Jalasi analanda mzinga uja mwangozi?"

Kuyambira tsiku limenelo Mr Babbage kwathu amayendetsa asilikali a boma, ife n'kukhala paphiri. Ayao amfuti za gogodela timawaika m'gulu la amfuti la mapointi 4, ndi malinga awo amiyala, osati kuwathamangitsira pamphuno pa mfuti yachiwaya ya Maxim. Tinawonjezanso lamulo lathu la amtengatenga, poti m'bukumo katundu wa nkhondo amakhala ngati amadziyendera yekha: gulu la boma liyenera kukhala ndi onyamula katundu, ndipo akabalalika, zipolopolo zimayamba kuwerengedwa. Za John Chilembwe za mu Januwale 1915 tinagwirizana kuti sitisewera. Ku Mbombwe ndi pafupi kwambiri, ndipo palibe pakati pathu wofuna kugwira dayisi ya mbali inayo.

Ndiye wondifunsa lero ndimamuuza kuti ayambe ndi Neil Thomas ndi mabokosi a machesi, aone ngati mnzake abweranso Loweruka lachitatu. Akabwera, ndipo onse ndi anthu a bawo okonda kuwerengera, atenge DBA. Ngati chowakoka ndi mbiri ya kuno, atenge la Mersey ndi pensulo yokonzera. Bolt Action idikire mpaka wina amange nyumba ya chipinda chapadera.

Loweruka likubwerali tikuyesa Karonga ya pa 9 Sepitembala 1914, tsiku lomwe gulu la Captain Barton wa mbali ya Angerezi linanyamuka kukasaka Ajeremani, Ajeremaniwo n'kulambalalana nalo kudzagwera kagulu kochepa kotsala paboma, mpaka Barton anabwerera atamva mfuti. Mapu tabwereka kwa Thomas, malamulo kwa Mersey, ngakhale chakacho chapitirira pang'ono nyengo yake. Mbali zonse ziwiri owombera ambiri anali asilikali akuda, ndiye bokosi limodzi la tiasilikali likwanira, kusiyana kwake utoto wa zipewa. Nyanja ndi chitenje chabuluu cha mayi akunyumba, chomwe sindinapemphebe. Chatsala ndi kugwirizana kuti Barton afike ulendo wachingati. Mlamu wanga akuti wachisanu, poti ndiye akuteteza boma. Ine ndikuti tiponye dayisi.