Miyezi 14 ndi pulogalamu yoyang'anira matabuleti a ku ofesi: invoisi yandibweza

Lachiwiri lapitali invoisi ya chaka chachiwiri ya pulogalamu yoyang'anira matabuleti inafika pa desiki panga, mayi a zachuma ataizunguliza ndi bolopeni yofiira n'kulemba kuti "tikambirane". Ndiye ndati ndimalize nkhani ya pulogalamuyi yomwe ndinaiyamba mwezi woyamba titaigula, pamene ndinkayamikira chilichonse ngati mkamwini wongofika kumene pamudzi.

Ndimayang'anira makompyuta pa kabungwe kena ku Area 47. Tili ndi malaputopu 18 ndi matabuleti a Android 45, omwe achinyamata athu amapita nawo kumidzi ya ku Mitundu, Malingunde ndi Kasiya kukalemba mayankho a alimi pa app ya mafomu yotchedwa KoboCollect. Pulogalamu yoyang'anira zipangizozi uli patali, yomwe amaitcha MDM, tinaigula kudzera kwa wogulitsa wina wa mtauni momwe muno. Amalipiritsa pa chipangizo chilichonse, pachaka, ndipo mtengo wake uli m'madola.

Zoyenda bwino zilipo, ndisaname. Tabuleti yatsopano ndimangoigogoda ka 6 pa sikirini yoyamba, kuionetsa QR code, ma app onse n'kulowa okha ine ndikumwa tiyi. Kiosk mode, yomwe imalola ma app a ntchito okha kutseguka, inathetsa mlandu wa bandulo: yomwe inkatha masiku atatu ndi TikTok ndi kubetcha mpira, pano imafika kumapeto kwa mwezi. Ndipo Microsoft itasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, pulogalamuyi inandionetsa nthawi yomweyo malaputopu asanu opanda kachipangizo kachitetezo ka TPM 2.0, amene sangalandire Windows 11.

Koma pali chilonda chomwe sichikupola.

Wogulitsa anandilangiza kuti ndiike lamulo lakuti tabuleti ikatha masiku 7 osalumikizana ndi seva, idzitseke yokha. Zinamveka zanzeru, poti m'matabuletimo muli mayina ndi manambala a foni a alimi, ndipo chibwerereni lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, Data Protection Act, abwana safuna kumva zoti zoterezi zasochera. Mu February, mvula ili pakati, mtsikana wathu wina anali ku Kasiya, atakhala pamkeka ndi kalabu ya alimi, amfumu ali pampando pambali. Ali mkati mofunsa za fetereza, tabuleti inangoti phi, n'kulemba kuti yatsekedwa. Mkatimo munali mafomu a masiku awiri osatumiza.

Anandiimbira pa foni yake. "Achimwene, chinthu chanu chija chandichititsa manyazi pamaso pa amfumu." Ine kuno ndinadina batani lotsegula, koma lamulo lotsegulalo limafika pokhapokha tabuleti ikhale pa intaneti. Anakwera pachulu, anaikweza m'mwamba ngati akuombeza, ayi ndithu. Anayatsa hotspot pa foni yake, koma tabuleti yotsekedwa siikulola kulowa ku settings kuti usankhe Wi-Fi yatsopano. Ndinatseka ndekha khomo limenelo. Mapeto ake anakwera kabaza m'matope mpaka pa trading centre, minibasi mpaka mtauni, kudzaitsegulira pa Wi-Fi ya ku ofesi yomwe inali kuidziwa kale. Mafomu anapulumuka. Tsiku la alimi aja silinapulumuke, ndipo amfumu anafunsa ngati bungwe lathu lili ndi makina ena "osakwiya msanga".

Chomwe chinandidya mutu n'chakuti tabuleti imeneyo sinali itatha masiku 7 popanda netiweki. Mafomu ake anali atafika pa seva ya Kobo masiku atatu m'mbuyomo. Nditafufuza ndinapeza kuti matabuleti athu otsika mtengowa, pofuna kusunga batire, amapha ka app ka MDM kakakhala kumbuyo. Ndiye tabuleti ikugwira ntchito bwinobwino, koma pa dashboard panga, tsamba lomwe ndimaonerapo zipangizo zonse, ikuoneka ngati inafa sabata yatha. Ndinauza wogulitsa. Iye anatumiza nkhaniyo kwa eniake kunja, ndipo yankho linabwera patatha masabata atatu: gulani zipangizo za pa mndandanda wa Google wa zipangizo zovomerezeka pa ntchito, wotchedwa Android Enterprise Recommended. Chikhalirecho bamboyu matabuleti athuwa anawaona ndi maso ake, anawagwira ndi manja, asanatilembere invoisi yoyamba.

Pano ndimachotsa ka app kaja pa zosunga batire pamanja, tabuleti imodziimodzi, ndipo update ikangobwera zina zimabwerera mwakale. Masiku aja ndinawakweza kufika 30. Ndiye kuti chitetezo chomwe tinagulira pulogalamuyi ndachifewetsa ndekha.

Tsiku lina lokha ndi limene ndinaikonda ndi mtima wonse. Tabuleti inasowa m'minibasi ya ku Area 25, ndinaitseka n'kuika uthenga wa nambala ya ku ofesi. Patatha masiku anayi wokonza mafoni wina anaimba, akuti mnyamata wabwera nayo kuti aifulashe koma yakanika, bwerani mudzatenge, mungondiganizirako ya sopo. Sabata imeneyo akanandipatsa kontirakiti ya zaka zisanu ndikanasaina osawerenga.

Lero sindingasaine. Invoisi yawerengera zipangizo 63, pamene matabuleti 7 ali m'katoni pansi pa tebulo langa, ena osweka sikirini, ena otupa batire. Wogulitsa akuti laisensi imawerengedwa malinga ndi zomwe zili pa dashboard, zamoyo kaya zakufa, ndipo ndikanazichotsa mwezi watha. Palibe anandiuza. Kenako mtengo wa dola. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, wogulitsa aliyense ali ndi reti yake, ndipo ya bamboyu siili pa bolodi la banki iliyonse. Pansi pa invoisi palembedwa kuti mtengowu ugwira masiku 7 okha. Nambala imeneyi ndayamba kudana nayo.

Tagwirizana ndi mayi a zachuma kuti malaputopu tiwachotsemo, poti amagona mu ofesi ndipo ndimawafikira ndi miyendo. Tilipirira matabuleti 38 okha, chifukwa amenewo popanda loko sindingawatumize kumudzi. Ndinamulembera wogulitsa pa WhatsApp Lachinayi kuti akonze invoisi, aikenso reti yomwe tingaionetse kwa maodita. Uthenga anauwerenga. Masiku 7 ake aja atha mawa.