Miyezi 8 ndi khadi la Wi-Fi la Intel AX200

Laputopu yangayi ndinaigula yogwirapo kale ntchito. Nditangoikamo Linux Mint 21, Wi-Fi inayamba kuvuta: imalumikiza bwinobwino, pakapita mphindi zochepa n'kuduka. Sabata yathunthu inatha ndikusaka ma driver, timapulogalamu toyendetsa khadi la Wi-Fi, potengera dzina la laputopuyo, osadziwa kuti malaputopu a dzina limodzi amatha kuchoka ku fakitale ndi makhadi osiyana. Chimene chimanena zoona ndi nambala ya khadilo.

Pa Linux mumalemba lspci -nnk mu terminal, pamene mumalembapo malamulo a kompyuta, n'kupeza mzere wa Network controller. Pamzerewo pali manambala awiri olekanitsidwa ndi timadontho tiwiri. Yoyamba ndi ya kampani: 8086 ndi Intel, 10ec ndi Realtek, 14e4 ndi Broadcom, 168c ndi Qualcomm Atheros. Yachiwiri ndi ya khadi lenilenilo, ndipo m'munsi mwake mumaona driver amene akugwira ntchito panthawiyo. Pa Windows manambala omwewa ali mu Device Manager, pa Hardware Ids, olembedwa VEN ndi DEV. Ngati Wi-Fi yafa ndithu, lumikizani foni ndi chingwe cha USB, muyatse tethering kuti laputopu igwiritse ntchito intaneti ya foniyo, mukoperepo zofunikazo.

Nditadziwa nambala ya khadi langa ndinapezadi driver wake, koma anali woika pamanja, ndipo kernel, phata la Linux, ikasintha ndimayambiranso. Ndinatopa nazo. Ndinagula AX200, kakhadi ka saizi ya M.2 2230, kochepa ngati sitampa, n'kukaika m'malo mwa khadi lakale.

Kuyambira tsiku limenelo sindinaikepo driver aliyense. Khadili limaoneka ngati 8086:2723, ndipo driver wake, iwlwifi, amalidziwa kuyambira kernel 5.1, pomwe Mint 21 imabwera ndi 5.15. Kernel yasintha kangapo m'miyezi imeneyi koma palibe chinasokonekera. Ndikatseka laputopu n'kuitsegulanso m'mawa, ndimapeza yalumikiza ndisanakhale n'komwe pansi. Kwa ine phindu lalikulu ndi limeneli, kuposa zoti khadili ndi la Wi-Fi 6.

Za liwiro ndinene mosabisa. Intaneti yanga imachokera pa hotspot ya foni, choncho liwiro lake ndi la netiweki ya foniyo, khadi silingawonjezerepo kanthu. Kusiyana ndimakuona ndikaika hotspot pa 5 GHz, makamaka kuntchito komwe ma Wi-Fi a 2.4 GHz ndi ambiri ndipo amasokonezana.

Vuto limodzi linalipo mwezi woyamba, ndipo linali langa. Chizindikiro cha Wi-Fi chimatsika ndikangopita kuchipinda china. Nditatsegula laputopu ndinapeza kuti kachingwe kamodzi ka antena sindinakakanikize mokwanira. Timitu ta zingwe za antenazi, totchedwa MHF4, n'tating'ono zedi, timafuna dzanja lodekha mpaka mutamva kuti thi. Muyambe mwachotsa batire musanagwire m'kati.

Musanagule, onetsetsani zinthu ziwiri. AX201, khadi lina la Intel, imafanana kwambiri ndi AX200 pamaso, koma imalumikizidwa m'njira ya Intel yotchedwa CNVi, ndiye imagwira pa makompyuta ena a Intel okha, pomwe AX200 imadzera pa njira wamba yolumikizira yotchedwa PCIe ndipo imagwira ngakhale pa AMD. Komanso malaputopu ena akale amakana khadi lachilendo mu BIOS, pulogalamu imene imayambitsa kompyuta mukaiyatsa, ndiye fufuzani za yanu kaye. Bluetooth ya khadili imadzera pa USB, choncho mukaisowa pa lspci musadandaule, muipeza mukalemba lsusb mu terminal. Yanga ndimamverera nayo mahedifoni tsiku lililonse.