Okonza mafoni a kufupi ndi msika wa Taifa: funso lililonse amaliyankha mwaulemu

Kashopu kena kokonza mafoni kufupi ndi msika wa Taifa ku Mzuzu kali ndi nambala ya WhatsApp yofunsirapo musanawononge ndalama ya kabaza kuchokera ku Luwinga kapena ku Mchengautuwa. Luso lawo silikuposa kwambiri la anzawo m'tauni. Chowasiyanitsa ndi kayankhidwe.

Munthu akangolemba kuti "foni yanga yafa", samunena kuti funso lake lilibe mutu. Amayamba ndi "Pepani bambo" kapena "Pepani mayi", kenako n'kufunsa: ndi itel, Tecno kapena Samsung? Idazima mukuchita nayo chiyani? Idakhudzako madzi?

Funso la madzili ndi pamene ulemu umapulumutsira foni. Munthu woopa kukalipiridwa amabisa kuti idagwera m'beseni kapena idanyowa ndi mvula yamawawa ya kuno. Wokonza akaiika pa chaja m'kati muli chinyezi, magetsi amadutsa posayenera n'kuwotcha bolodi (kathabwa ka m'kati komwe pamakhala tizipangizo ta foni), basi yatha. Apa amafunsa ngati nkhani wamba, choncho anthu amaulula, ndipo malangizo amabwera pompopompo: izimitseni, musaichaje, tulutsani simu khadi, musaiwambe pa mbaula, musaikwirire mu mpunga chifukwa mpunga sukoka madzi amene alowa pansi pa tizipangizo. Ikafika pashopu amaitsegula, kuchotsa batire, n'kutsuka bolodi ndi spiriti yake.

Agogo ovutika kulemba amawalola kutumiza mawu, m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, ndipo amawayankha m'chilankhulo chomwecho. Nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba saifunsa, ndipo wina akaitumiza mosadziwa amamuuza kuti afufute uthengawo n'kusintha nambalayo lero lomwe. Foni ikamakana kutseguka n'kumafuna akaunti ya Google ya mwini wake, amapempha bokosi kapena risiti kuti ayerekeze nambala ya IMEI (nambala yozindikiritsa foni iliyonse payokha), koma satchula mawu oti kuba. Ambiri amangokhala ataiwala imelo yomwe mwana adawatsegulira.

Zofooka zilipo. Masana shopu ikadzaza, uthenga umatha kukhala maola angapo osayankhidwa, wopanda ngakhale kamawu koti "dikirani". Kwa foni yonyowa nthawi imeneyo ndi yaitali, ndiye imbani m'malo molemba. Komanso mtengo sautchula mpaka ataitsegula. Funsani ndalama yongoyezera foniyo musananyamuke, ndipo muwauze kuti asasinthe chipangizo chilichonse asanakuimbireni.